Chakudya cha pa puja sichitayidwa

Achimwene, mwafunsa ngati chakudya chomwe Ahindu amaika patsogolo pa chifaniziro cha mulungu wawo pa mwambo wolambira wotchedwa puja chimatayidwa. Ayi ndithu. Pophika salawa ngakhale pang'ono, chifukwa woyamba kulandira ndi mulunguyo, ndipo ambiri sathiramo anyezi kapena adyo. Amayala mpunga, zipatso, mkaka ndi maluwa, amayatsa zofukiza, kenaka amazunguliza nyali ya mafuta ochokera ku batala otchedwa ghee uku belu likulira. Mwa milungu yawo, Vishnu amampatsa masamba a tulsi, Shiva masamba a bilva, pomwe Ganesha amakonda zotsekemera zotchedwa modak.

Mwambo ukatha, chakudyacho chimakhala prasad, dalitso logawira aliyense. Akakupatsani, landirani ndi dzanja lamanja, lamanzere lili pansi pake. Ngati chikhulupiriro chanu sichilola, kanani mwaulemu, koma chonde musalandire n'kukataya.