Funsani Aphunzitsi: Kodi m'mudzi mwathu muno tilimo angati?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Dedza, ndipo nkhani yake ikuzungulira pamodzi: chiwerengero cha anthu, ndi zinthu zomwe midzi ili nazo kapena ikusowa. Ndasankhapo anayi. Kwa inu amene mwangoyamba kuwerenga tsamba lino, ine ndine mphunzitsi wopuma, ndipo ntchito ya kalembera ndinaigwirapo kawiri, mu 2008 ndi pepala ndi pensulo, mu 2018 ndi tabuleti.

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) kuno kwa Kasumbu. Tikufuna kupempha mjigo wachiwiri. Titapita ndi kalata yathu ku komiti ya chitukuko cha dera (ADC) anatifunsa kuti m'mudzi mwanu muli anthu angati, ife n'kumangoyang'anana. Amfumu ali ndi nambala yawo, alangizi a zaumoyo ali ndi yawo yocheperapo, ndiye mnyamata wina akuti pa intaneti palinso ina ya boma. Yoona ndi iti?

YANKHO: Alembi, musafulumire kuganiza kuti wina akunama. Anthu atatuwa akuwerenga zinthu zitatu zosiyana.

Tiyambe ndi ya boma. Kalembera wa anthu ndi nyumba amachitika kamodzi pa zaka 10, ndipo amayendetsa ndi ofesi ya National Statistical Office yomwe likulu lake lili ku Zomba. Womaliza anachitika mu Seputembala 2018. Anapeza anthu 17,563,749 m'dziko lonse, ndipo 830,512 mwa iwo anali m'boma la Dedza. Mu 2008 Dedza yemweyu anali ndi anthu pafupifupi 624,000. Taonani kusiyanako: m'zaka 10 zokha, pa anthu atatu aliwonse panaonjezekera wachinayi. Dziko lonse linkakula ndi anthu 2.9 pa 100 aliwonse chaka chilichonse, ndipo mukawerengetsera mwa njira imeneyo mupeza kuti pofika 2025 Dedza anali atafika cha m'ma 1 miliyoni. Ndiye nambala ya 2018 ndi yoona, koma ili ngati chithunzi cha mwana chojambulidwa ali ku sikelo pomwe lero mwanayo ali Sitandade 2. Chinanso, mabuku a kalembera omwe munthu wamba amawapeza mosavuta amaonetsa boma ndi dera la T/A. Ife owerenga tinkapatsidwa mapu a kachigawo kathu, ndipo malire ake ankatsata msewu, mtsinje kapena njira, osati malire a nyakwawa. Kachigawo kanga ka mu 2018 kanali ndi midzi iwiri yathunthu ndi theka la wachitatu. Choncho mnyamata wanuyo mwina waona chiwerengero cha kwa Kasumbu konse, osati cha mudzi wanu.

Nambala ya amfumu ndi ya mbumba yawo. Mfumu sifafaniza mwana wake m'kaundula chifukwa choti ali ku Joni kapena akugulitsa kaunjika ku Lilongwe. Mwamuna amene anapita chikamwini kutsidya kwa dambo akadali munthu wawo, ndipo maliro ake adzabwera konkuno. Pa nkhani ya malo ndi ya manda nambala imeneyi ndi yofunika kwambiri. Koma munthu amene ali ku Joni satunga madzi pamjigo wanu.

Alangizi a zaumoyo amawerenga amene amagona m'mudzimo, chifukwa katemera, masikito ndi mankhwala othira m'madzi amagawidwa potengera anthu amene alipo. Pa pempho la mjigo, nambala yoyandikira choonadi ndi imeneyo. Mulingo womwe a zamadzi amatsata ndi wakuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, ndipo munthu asamayende mtunda woposa mamita 500 kukatunga. Ngati muli anthu oposa 500 pa mjigo umodzi, mlandu wanu wadzinenera wokha.

Komabe ine ndikadakhala inu sindikadadalira kaundula wa munthu wina. Gulani kope la chikuto cholimba. Sankhani anthu anayi odziwa kulemba, awiri akhale amayi, chifukwa amayi ndi amene amadziwa kuti nyumba yakuti mwabadwa mwana sabata yatha. Muyende khomo ndi khomo. Khomo tikunena pano ndi anthu odyera mphika umodzi, osati denga limodzi. Agogo amene ali ndi kanyumba kawo koma nsima imachokera kwa mwana wawo, alembedwe pamodzi ndi mwana wawoyo. Bambo wa mitala alembedwe kamodzi kokha. Apa ndi pamene owerenga ambiri amapunthwa, chifukwa mayi aliyense amamutchula kuti ndi wa pakhomo pake. Pa khomo lililonse lembani amuna angati, akazi angati, ana osafika zaka 5 angati, a msinkhu wa sukulu angati, ndi kumene amatunga madzi. Amene ali kutali alembeni patsamba lawolawo kuti amfumu asaone ngati mwawatayira anthu.

Mukatero mulembe zomwe mudzi uli nazo, koma zogwira ntchito zokhazokha. Mjigo umene unathyoka ndodo chaka chatha ndi chitsulo chabe. Umene umaphwa mu Okutobala mpaka mvula itagwa, lembani kuti umaphwa, ndi miyezi yake. Umene aphungu analonjeza pamsonkhano musaulembe n'komwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mtunda musauyeze ndi maso a mnyamata wa njinga. Mutsatire mayi wosenza chidebe cha malita 20 ndipo muwerenge mphindi, kuphatikizapo zodikira pamzere. Pamapeto lembani tsiku, amfumu adinde chidindo, alangizi a zaumoyo asainire. Tsikulo musaliiwale, chifukwa chaka chamawa nambalayo idzakhala itasintha kale. Kope limeneli ndi limene lidzadyetse pulani ya chitukuko cha mudzi wanu (Village Action Plan), yomwe imakwera ku ADC mpaka kukalowa mu pulani ya chitukuko cha boma lonse.

FUNSO: Ndimachokera ku Lobi koma ndakhala ku Johannesburg kuyambira 2015. Kodi pa anthu 830,512 aja ine ndilipo? Ndimatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, ndiye zimandiwawa kumva kuti sindiwerengedwa.

YANKHO: Mwanawe, pa nambala imeneyo mulibe. Kalembera amawerenga okhala m'dziko muno pa nthawi ya kalemberayo. Koma simunaiwalike: tinali ndi funso lofunsa khomo lililonse ngati pali wina amene anachoka kupita kunja m'zaka 10 zapitazo, ndi dziko lomwe anapita. Ngati amayi anu anakutchulani, muli m'gulu la opita kunja, lomwe ambiri ake anapita ku South Africa komweko. Ndikukumbukira amayi ena amene anandionetsa malata atsopano padenga asanandiuze dzina la mwana wawo. Kwa amfumu dzina lanu lilipo ndithu, ndipo ngati akumudzi atsegula kope monga ndalangizira pamwambapa, auzeni akulembeni patsamba la amene ali kutali.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndi mlongo wake wa nyakwawa m'dera la Kaphuka. Anthu akumukakamiza achimwene kuti akamapereka chiwerengero aziwonjezerako, ati midzi ina imatero ndipo imalandira zambiri. Achimwene akukana, ndiye anthu ayamba kuwada. Kodi akulakwitsa?

YANKHO: Amayi, achimwene anu sakulakwitsa, ndipo muwauze kuti mawu amenewa achokera kwa ine.

Ndikudziwa kumene maganizo amenewa anachokera. Chiyambire makuponi a feteleza mu 2005, anthu anaphunzira kuti dzina papepala likhoza kusanduka thumba. Midzi inayamba kugawikana, mabanja n'kuswekera papepala pomwe mphika ndi umodzi, ndipo ena omwalira anachedwa kuchoka m'makaundula. Sindikuweruza munthu wa njala. Koma njira imeneyi inatsekeka pang'onopang'ono kuyambira 2017 pomwe chiphaso cha unzika chinabwera, ndipo mapologalamu ngati Mtukula Pakhomo amatenga maina kuchokera m'kaundula wa boma wa mabanja wotchedwa UBR, momwe anthu amayendera khomo lenilenilo n'kuona mmene mukukhalira. Mudzi umene wanena kuti uli ndi makomo ambiri kuposa omwe alipo umagwidwa tsiku lomwe abwera kudzatsimikiza, ndipo kuchokera pamenepo ngakhale ukanene zoona za mlatho wokokoloka, amayamba akayika.

Palinso vuto lina losiyana ndi limeneli, lomwe anthu salitchula kawirikawiri, la kubisa. Mu 2008 ndinafika pakhomo pa agogo ena amene anakana kwamtuwagalu kunditchulira adzukulu awo. Anati ana sawerengedwa ngati mbuzi, ukawawerenga imfa imamva. Ndinakhala pamkeka pafupifupi ola lathunthu, tikusenda nawo chimanga, mpaka anayamba kunditchulira maina mmodzimmodzi, ine n'kumawerenga chamumtima. Analipo asanu ndi awiri, atatu mwa iwo amasiye. Pakhomo lina bambo anabisa mwana wolumala m'nyumba, ndinangomumva akutsokomola. Ena achikulire ankakumbukirabe masiku a msonkho, pomwe kulembedwa dzina kunkatanthauza kusakidwa. Ana obisidwa oterewa ndi amene amadzapezeka pasukulu popanda desiki, chifukwa amene amawerengetsera makalasi ndi aphunzitsi, pa mulingo wa ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi, sanawaone. Zimandipweteka mpaka lero, chifukwa ndaphunzitsapo kalasi ya Sitandade 1 pansi pa mtengo, ana ochuluka moti akumbuyo sindinkawadziwa maina mpaka teremu yachiwiri.

Anthu a m'mudzi mwanu adziwenso ichi: zomwe munthu wauza wowerenga wa kalembera ndi zachinsinsi mwa lamulo. Ife tinalumbira tisanayambe ntchito. Sizipita kwa amfumu, kupolisi kapena kwa otolera msonkho, ndipo sizigwiritsidwa ntchito pogawa makuponi. Kalembera wotsatira akuyembekezeka mu 2028. Achimwene anu ayambiretu kulankhula zimenezi pamaliro ndi pamisonkhano.

FUNSO: Kwathu ndi kufupi ndi malire a Mozambique. Pachipatala chathu chaching'ono mankhwala sachedwa kutha, ndipo anthu akuti n'chifukwa cha odwala ochokera kutsidya. Ena akufuna tiziwabweza. Ine mtima sukundilola, popeza apongozi anga ndi a konko. Tingatani, ndipo tingazione kuti nambala zomwe boma limagwiritsa ntchito pa chipatala chathu?

YANKHO: Mtima wanu ukukuuzani zoona. Anthu a ku Angonia ndi ife ndi amodzi: chilankhulo chimodzi, mafuko amodzi, maukwati ndi maliro timayenderana. Kuchokera ku Dedza kutsika mpaka ku Lizulu, msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieniwo, moti munthu amagula mbatata ku Mozambique n'kudzakwerera minibasi ku Malawi atangodumpha msewu. Mayi wa pakati amene wayenda usiku wonse sabwezedwa pakhomo la chipatala.

Koma dandaulo la anzanuwo lili ndi pogwira. Chipatala chilichonse chili ndi chiwerengero cha anthu a m'dera lomwe chimayenera kutumikira, ndipo chiwerengerocho chimachokera ku kalembera wa dziko lino. Wa kutsidya sali m'menemo. Chimene chingasinthe zinthu ndi kaundula wa odwala. Ngati aliyense wochokera kutsidya alembedwa mudzi wake weniweni, pakutha pa miyezi itatu mudzakhala ndi umboni woti chipatala chikusenza katundu woposa amene anachiyezera. Tsoka lake n'lakuti anthu a kutsidya, poopa kubwezedwa, amatchula mudzi wa apongozi awo wa kuno, ndiye papepala saoneka. Mukamawaopseza ndiye kuti mukufafaniza umboni wanu womwe. Pitani kwa a komiti ya chipatala, yomwe ili ndi anthu a m'midzi momwemo, mukapemphe kuti amfumu a mbali zonse ziwiri alengeze kuti palibe wobwezedwa, koma aliyense azinena kwawo kwenikweni.

Za kumene mungaone nambala: khonsolo iliyonse imalemba buku lotchedwa Socio-Economic Profile. M'menemo muli chiwerengero cha anthu pa T/A iliyonse, sukulu, zipatala za boma ndi za mishoni monga cha ku Mua, mijigo, misika ndi misewu. Limasungidwa ku ofesi ya mapulani ndi chitukuko, kwa amene timawatchula kuti a DPD, ndipo khansala wanu ayenera kulidziwa. Za chipatala chanu mukafunse kwa mkulu wa pachipatalapo kapena ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, choncho kufunsa si kupempha chifundo. Lembani kalata, musunge ina yofanana nayo yodindidwa tsiku lomwe mwaperekera, ndipo akakhala chete mukhoza kukadandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, lomwe linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli.

Bukulo mukalipeza, tsegulani tsamba la dera lanu muli ndi pensulo m'manja. Muyang'ane chaka chomwe nambalazo zinatengedwa. Muyang'anenso mtunda: a zaumoyo akhala akugwiritsa ntchito mulingo wa makilomita 8 kuchoka pamudzi kukafika pachipatala, koma papepala sipaoneka mtsinje umene umadzaza mu Januwale n'kukuzungulitsani njira yotalika kawiri. Pomwe alemba chinthu chomwe kulibe kapena chinafa kalekale, chongani, mukakambirane ku VDC, ndipo mukapereke kwa khansala asanakhale pansi kulemba buku lotsatira.