Mphwanga, za ntchito ya kumalire ija tamvera

Mphwanga, ndi malume ako. Funso lako ndaliona m'mawa pagulupu pano, lija ukufunsa ngati uvomere ntchito wapeza kumzinda wa pamalire uja, poti anthu akukuopseza ndi kutentha, komanso kuti ukonzekere zotani. Kulemba kukanandichedwetsa, ndiye ndangoti ndilankhule. Achemwali, nanunso mumvetsere, ndikudziwa kuti tulo simukupeza ndi nkhani ya mwana wanuyi.

Ine ndikuti pita. Ndinakhalako zaka 4 kumalo otero, ndipo amene ndinawaona akulongedza katundu kubwerera, ambiri sichinali dzuwa chinawathamangitsa ayi. Chinali chipinda chimene anachita lendi mothamanga, ndi mapepala amene sanawalongosole. Dzuwa thupi limalizolowera. Pamatenga masiku 7 mpaka 14, thupi limaphunzira kutulutsa thukuta msanga, lambiri, koma losataya mchere wochuluka, ndipo mtima umasiya kugunda mothamanga ukangoyenda pang'ono. Masabata awiri oyambawo ndiye ofunika kusamala. Ngati kungatheke fika kudakali sabata usanayambe ntchito. Ngati sikungatheke, uwauze abwana ako poyera kuti ndiwe mlendo kunyengo imeneyi, ntchito ya padzuwa uiyambe pang'onopang'ono. Palibe chamanyazi pamenepo.

Ndiye usamangoyang'ana nambala ya kutentha imene foni ikuonetsa. Thukuta limaziziritsa thupi pokhapokha likuuma. Kukakhala chinyezi chambiri mumpweya siliuma, limangoyenderera pamsana, malaya nyowe, iwe osazizidwa. Madigiri 33 a mpweya wachinyezi akhoza kukufoola kuposa madigiri 37 a mpweya wouma. Madzi uzimwa usanamve ludzu, ndipo chokuuza zoona ndi mkodzo wako: ukakhala wochepa, wachikasu kwambiri, ndiye kuti watsalira. Tsiku limene watuluka thukuta kwambiri madzi okha sakwanira. Sunga timapaketi ta ORS, kapena sungunula timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita 1 ya madzi abwino.

Chimodzi ichi uchisunge pamtima, chifukwa ndinachiona ndi maso anga. Mnyamata wina amene tinkagwira naye ntchito, wamphamvu zake, anali kutsitsa katundu masana. Tinangoona wakhala pansi pafupi ndi tayala la thiraki, akuyankha zosagwirizana ndi zimene tikumufunsa. Ena ankati waledzera. Mayi wina wachikulire wa muofesi ndi amene anakuwa kuti timunyamule tipite naye pamthunzi, timuvule malaya, timuthire madzi thupi lonse uku tikumukupiza, wina athamangire galimoto. Kuchipatala anatiuza kuti kuziziritsa kuja ndi kumene kunamupulumutsa. Munthu akatenthedwa mpaka mutu kusokonezeka, thupi limakhala lafika madigiri 40 kapena kupitirira, ndipo paracetamol sathandiza pamenepo. Muziziritse nthawi yomweyo, ndipo apite kuchipatala. Ngati sakuzindikira bwino usamumwetse kanthu, angatsamwe.

Tsopano nyumba. Apa ndiye ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ine ndinavutikira. Chipinda changa choyamba ndinakachiona madzulo dzuwa litalowa, kukuomba kamphepo, ndinalipiriratu miyezi 3. Denga la malata lopanda siling'i, zenera limodzi, loyang'ana kumadzulo. Mphwanga, khoma lija linkamwa dzuwa masana onse, ndipo pakati pa usiku ukaligwira linali lofundabe ngati mphika wongouphula kumene. Ndinkagona pasimenti nditafunda nsalu yonyowa, tulo kubwera mbandakucha, nthawi yoti ndidzuke. Mwezi umodzi wokha ndinaonda, ndinkapsa mtima ndi aliyense, ntchito ndinkalakwitsa. Ndinkaganiza kuti mzindawo wandikana. Nditasamukira m'chipinda china, msewu womwewo, ndinakhala munthu wina.

Choncho masabata oyamba khala kaye pamalo olipira pa sabata, usasaine chilichonse chautali. Nyumba ukaione 2 koloko masana, ulowe, utseke chitseko, uimemo mphindi 10. Gwira khoma la kumadzulo. Yang'ana kumwamba ngati kuli siling'i. Mazenera akhale mbali ziwiri kuti mphepo izilowa uku nkutulukira uko, ndipo akhale ndi waya wotchinga udzudzu, apo ayi uzidzasankha pakati pa kutentha ndi kulumidwa usiku uliwonse. Pakakhala mtengo wopereka mthunzi padenga, chipinda chimenecho ndi chabwino ngakhale chikhale chaching'ono. Za madzi ndi magetsi usafunse mwini nyumba, funsa oyandikana nawo: madzi amatuluka maola ati, magetsi amazima kangati, mvula ikagwa yamphamvu pabwalo pamasefukira kapena ayi. Fani ugule tsiku loyamba lomwe. Koma dziwa kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti kutentha kukapitirira madigiri 40, fani imangokuwomba ndi mpweya wotentha nkuonjezera vuto. Nthawi zotero nyowetsa khungu kapena malaya.

Udzudzu uliko wa mitundu iwiri yoti uidziwe. Wa malungo, Anopheles, umaluma usiku, ndiye neti usaisiye ngakhale kutenthe bwanji. Wina ndi Aedes, wamizeremizere yoyera m'miyendo, umaluma masana ndipo umafalitsa matenda otentha thupi otchedwa dengue. Umenewu umaswana m'madzi oyera osungidwa, mumgolo womwe uja uzidzasungiramo madzi pampopi pakauma, m'matayala akale, m'zitini. Vundikira mgolo, ndipo sabata iliyonse uutaye madzi ndi kuukwecha m'mbali, chifukwa mazira ake amamatirira mmenemo. Thupi likatentha usaganizire wekha kuti ndi dzuwa chabe, kayezetse tsiku lomwelo. Ndipo usanayezetse usamwe aspirin kapena ibuprofen, chifukwa ikakhala dengue mankhwala amenewo amaonjezera ngozi yotaya magazi.

Eya, za malire tsopano. Mzinda wa pamalire umanyenga, chifukwa anthu amaoloka m'mawa nkubwerako madzulo ngati akupita kutsidya kwa mtsinje chabe, ndiye umayamba kuona ngati malamulo kulibe. Alipo, ndipo amagwira mlendo. Ngati ntchito yako ili mbali inayo, chidindo cholowera ngati mlendo si chilolezo chogwirira ntchito, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Abwana akakuuza kuti yamba kaye mapepala tikonza mtsogolo, uwapemphe alembe tsiku limene chilolezocho chidzatuluke, chifukwa akadzabwera oyendera, womangidwa kapena kuthamangitsidwa ndi iweyo. Akakudinda, usachoke pawindo usanawerenge tsiku limene alemba. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi yoposa 6, mayiko ambiri amafuna choncho. Ndipo isachoke m'manja mwako, kaya ndi abwana, kaya ndi munthu wakuti ndikuthandiza kudutsa msanga. Ijambule, zithunzizo utumize kwa mayi ako ndi kwa ine. Funsanso ngati kumafunika khadi la katemera wa yellow fever. Limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, ndiye si la kukabayitsa dzulo la ulendo, koma ubwino wake kuyambira 2016 khadi limeneli ndi la moyo wonse.

Ndipo mphwanga, katundu wa munthu usamuolotsere. Ngakhale kathumba kakang'ono, ngakhale munthuyo mumapemphera limodzi, ngakhale akhale gogo wooneka wotopa. Chopezeka m'chikwama chako ndi chako pamaso pa lamulo. Ukane mwaulemu, koma ukane.

Ndalama kumeneko zimayenda za mayiko awiri. Usanavomere malipiro funsa kuti adzakulipira mu ndalama iti, ndipo lendi ndi zogula zimalipidwa mu ndalama iti, chifukwa imodzi ikagwa mphamvu ukhoza kupezeka malipiro ako achepa pamene pepala likunena nambala yomweyo. Osintha ndalama a mumsewu ali ndi manja othamanga kuposa maso ako, ndipo m'malo ambiri ndi zoletsedwa, pita kovomerezeka. Foninso, ukakhala pafupi ndi malire imatha kudumphira yokha pa netiweki ya dziko linalo, mayunitsi nkutha uli m'nyumba mwako. Zimitsa roaming, netiweki uisankhe pamanja.

Chimene sindinachiyembekezere ine chinali kusungulumwa. Mzinda wa pamalire ndi wa anthu odutsa. Mathiraki pamzere usiku wonse, anthu piringupiringu, koma amene wazolowerana naye lero, miyezi 6 ikatha wasamutsidwa. Ndiye funa anthu okhazikika, amene anabadwira komweko. Phunzira moni wao ndi kuwerenga ndalama m'zilankhulo za mbali zonse ziwiri, udzaona nkhope zao zikumasuka. Ndiponso uonere kwa iwo kayendetsedwe ka tsiku: amadzuka kudakali mdima, zolemetsa amathana nazo dzuwa lisanakwere, masana amabisala, moyo umayambanso madzulo. Poyamba ndinkaona ngati akutaya nthawi, kenaka ndinazindikira kuti iwowo ndi amene akuidziwa nyengo yao. Zina zokhudza moyo wa mnyamata wosakwatira m'tauni yotero tikambirana awiri, osati pagulupu pano.

Achemwali, mwanayu mulekeni apite, ndi wamkulu ndipo mutu wake ndi wabwino. Mankhwala ake aja a chifuwa cha mphumu musaiwale kumuikira okwanira, ndipo iwe usamawasiye m'galimoto kapena pazenera, kutentha kumawaononga.

Iwe, kalata ya ntchito ija uijambule masamba onse unditumizire kumbali lero lomwe. Ndikufuna ndione zitatu: ndani akulipira chilolezo chogwirira ntchito, ukadwala akuthandiza bwanji, ndiponso ngati nyumba akupereka kapena ufuna wekha. Ngati akupereka, uwapemphe chithunzi cha denga ndi mazenera. Ndikuimbira ndikaweruka, cha m'ma 7 koloko.