Kodi kugona maola anayi kungakulemeretseni?

Mnyamata wina wa kabaza ku Ngabu wandilembera imelo. Akuti amaonera mavidiyo pa TikTok onena kuti mabiliyoneya anayamba alibe kalikonse, ndipo analemera chifukwa chosagona. Iye tsopano akugona maola anayi okha, koma ndalama sizikuoneka. Akufunsa kuti: "Kodi vuto ndi ulesi wanga?"

Achimwene, ulesi mulibe. Munthu wopalasa njinga atakweza matumba awiri a chimanga, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo kuno ku Chigwa, malaya atachita kumata kumsana, sangatchedwe waulesi.

Mavidiyo aja amakuuzani nkhani yodukiza. Jeff Bezos anayambiradi Amazon m'galaja, koma mu 1995 makolo ake anaikamo madola oposa 245,000. Bill Gates anagwira kompyuta ali mwana pa sukulu yolipira ya Lakeside ku Seattle, nthawi imene anthu ambiri anali asanaionepo n'komwe, ndipo mayi ake ankakhala m'komiti imodzi ndi mkulu wa IBM, kampani yomwe inapatsa Microsoft, kampani ya Gates, ntchito yaikulu mu 1980. Aliko Dangote wa ku Nigeria mpamba anabwereka kwa amalume ake, ndipo amachokera ku banja la a Dantata, amalonda olemera a ku Kano. Anthuwa analimbikira, sindikukana. Koma akanagwa, pogwera panalipo. Inu foloko ya njinga ikathyoka, kapena madzi akasefukira ngati nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, mumayambira pansi. Odula nzimbe ku Nchalo ndi amayi olima kudimba m'mbali mwa Shire amalawirira kuposa onsewa, koma thukuta lawo silinawachotse mu umphawi.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi thupi lanu. Mu 2021 mabungwe a WHO (loona zaumoyo pa dziko lonse) ndi ILO (loona za ntchito pa dziko lonse) anapeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti. Ndiye kuli msewu wa M1 uja: wa kabaza wosinza, lole ikubwera kumbuyo, ndi maliro amenewo.

Gonani mokwanira. Masana kukatentha, khalani pamthunzi. Madzulo lembani m'kope zomwe mwapeza ndi zomwe mwawononga, chifukwa mwina mupeza kuti maola a usiku aja sakubweza n'komwe ndalama ya machubu ndi masipoko. Ndipo lowani banki mkhonde ndi anzanu a pa siteji, kuti tsiku lomwe tayala laphulika mukhale ndi pothawira osapita kwa akatapila.