Funsani Dokotala: Mayi anga asiya kumva fungo atathira mankhwala m'mphuno

A Dokotala, mayi anga anathira m'mphuno mankhwala a chimfine ogula, ndipo pano sakumva fungo, ngakhale la usipa uli pamoto. Pakapepala ka m'bokosi sanalembepo zimenezi. Wogulitsa anati munthu mmodzi si umboni. Kodi ndingozisiya? Wowerenga, ku Zomba.

Pepani kwambiri. Choyamba, amayi asiye kaye mankhwalawo, ndipo mupite nawo kuchipatala mutatenga kabotoloko ndi bokosi lake. Chimfine pachokha, ngakhalenso Covid-19, chimatha kuchotsa fungo, ndipo nthawi zambiri limabwerera pakapita masabata angapo. Pakadali pano muziwanunkhizira ndiwo zogona, komanso asamagone pafupi ndi mbaula, poti utsi sangaumve.

Koma mawu a wogulitsawo sindikugwirizana nawo. Mawu omwewo anafika mpaka kukhoti lalikulu la ku America, ndipo anagonja.

Kampani ya Matrixx Initiatives inkagulitsa Zicam, mankhwala a chimfine opaka m'mphuno okhala ndi zinc. Madokotala anaiuza za odwala oposa 10 amene anasiya kumva fungo, koma iyo inapitiriza kulengeza kuti malonda ali bwino. Nkhani itatuluka mu 2004, mtengo wa masheya (magawo a umwini) a kampaniyo unagwa, ndipo amene anagula masheyawo anasumira kampaniyo limodzi ngati gulu, ponena kuti inawabisira madandaulowo. Onani kuti osumawo sanali odwala ayi, anali eni ndalama, chinthu chimene chimandipweteka mtima mpaka lero.

Mkangano unali pakhomo penipeni pa khoti: kodi gulu losuma liyenera kulemba zotani m'chikalata chake kuti mlandu ungololedwa kulowa? Kampani inkati madandaulo ochepa chotero sakwanira pa masamu a kafukufuku, choncho panalibe choti iulule. Khoti loyamba linavomereza n'kuthetsa mlandu. Koma mu 2011 oweruza onse 9 a khoti lalikulu anakana, m'chigamulo cholembedwa ndi mmodzi wa iwo, Sonia Sotomayor. Anati madokotala ndi boma sadikira masamu okhaokha. Amaonanso amene wanena, nthawi imene vuto layamba munthu atangothira mankhwala, ndiponso ngati pali njira yomveka imene mankhwalawo angavulazire thupi. Sanalamule kuti dandaulo lililonse lizilengezedwa, anangoti kuchepa kwa chiwerengero si pobisalira. Apa n'kuti bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, la FDA, litachenjeza kale anthu mu 2009, litalandira madandaulo oposa 130.

Sindikunena kuti mankhwala a amayi ndi amenewo, kapena kuti ndiwo alakwa. Zimenezo zidziwika akapimidwa. Koma anthu 130 aja anayamba ndi mmodzi amene anakauza dokotala wake.

Kuno kwathu madandaulo otere amapita ku bungwe la boma loona za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Mupemphe dokotala kapena namwino alembe fomu yonena za vuto lobwera ndi mankhwala. Inu lembani papepala dzina la mankhwala, nambala ya batch imene ili pabokosi, tsiku limene anayamba kuthira, ndi tsiku limene anazindikira kuti usipa sukununkhiranso.