Mwawaza madeya koma mbalame sizikubwera, mutani?

Mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe wandilembera pa imelo. Akuti pomwe ankalowa m'nyumba yawo, m'mamawa ankadzutsidwa ndi apumbwa ndi njiwa, koma lero kuli zii. Akawaza madeya pabwalo, amabwera ndi akhwangwala okha. Akufunsa chochita.

Mayi, madeyawo si olakwika, koma si amene akusowa. Ana a mbalame zambiri, ngakhale a mpheta zodya njere zija, amaleredwa ndi tizilombo: mbozi, ziwala, akangaude, inswa. Ndiye taonani m'mene timasamalira pakhomo ifeyo. Tsache m'mawa uliwonse, masamba kutentha, bwalo lonse simenti, maluwa kupopera mankhwala. Mbozi ikhala pati? Ndipo pamalo popanda chodyetsa ana, mbalame simangapo chisa.

Choncho ndikupempheni chinthu chovuta: siyani ngodya imodzi kuseri kwa nyumba osasesa. Masamba awolerane, udzu ukule mpaka ubereke njere. Aneba adzati mwatayirira, ndipo mantha a njoka ndi omveka. Ngodyayo ikhale kutali ndi khomo komanso posewerera ana, m'mbali mwake muzilambula.

Nyengo yodzala mitengo ikafika, kuyambira pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, funani mbande za mitengo yathu yachilengedwe monga nthudza, mpoza ndi nyowe. Mkuyu umakoka mbalame kwabasi ukabereka, koma mizu yake imang'amba maziko, ndiye ndi wa anthu a poloti yaikulu. Papaya limene apumbwa alijompha kale, asiyireni amalize.

Mu Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, madzi amaposa chakudya chilichonse. Mbale yosazama ndi yokwanira, muike mwala pakati, pamalo poti mphaka sangabisale. Muzitaya madziwo ndi kutsuka mbaleyo masiku awiri aliwonse kuti udzudzu usaswanemo.

Zonsezi sizingapulumutse mbalame za m'nkhalango ngati Thyolo alethe, yomwe moyo wake wadalira nkhalango za m'mapiri monga Mulanje. Koma za pakhomozi zili m'manja mwanu.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi poizoni wa makoswe. Khoswe akadya amayenda mwaulesi, kadzidzi n'kumugwira mosavuta, nayenso n'kufa. Chonsecho kadzidzi yemwe timamuponya miyala pomunamizira ufitiyo ndiye amatithera makoswe usiku. Tcherani msampha m'malo mwake. Ndipo mnyamata wa legeni ndi ulimbo uja, mupatseni iyeyo ntchito yothira madzi m'mbalemo.