Ndalama za chikho n'za ndani?

Achimwene, mwafunsa kuti timu ikapata chikho, ndalama za mphotho zimakhala za osewera kapena za kalabu. Ndalamazo zimapita ku kalabu, poti ndiyo inalembetsa mpikisano. Chicheke chachikulu chija anyamata amachinyamula m'mwamba pojambulitsa ndi chikatoni chabe. Ndalama zenizeni zimalowa ku akaunti ya kalabu, ndipo wosewera amalandira bonasi imene anagwirizana ndi mabwana ake.

Ambiri tikamva za K100 miliyoni imene Silver Strikers inalandira itatenga ligi ya TNM mu 2024 timati basi alemera. Koma taganizani kuti timu iliyonse mu ligi ya matimu 16 imasewera masewero 30. Timu ya ku Blantyre ikamapita ku Karonga imayenda makilomita opitirira 800, basi ikumwa dizilo, anthu onsewo agone, adye, mwezi ukatha alandire malipiro. Kupambana kumabweretsanso ngongole zina. Bullets, imene inasesa zikho zinayi mu sizoni ya 2023, chaka chomwecho cha 2023 inapita ku Lubumbashi, m'dziko la DR Congo, kukakumana ndi TP Mazembe mu mpikisano wa CAF wa makalabu a mu Africa, ndipo maulendo otere mtengo wake umatsata dola. Mu November chaka chimenecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Choncho mphotho nthawi zambiri imangotseka maenje.

Komabe ine ndili mbali ya osewera. Mpira suchedwa kumutaya munthu. Bondo likangophweka, mnyamata amene dzulo timamuimbira nyimbo amakhala pakhomo opanda penshoni. Iye ndiye anakhetsa thukuta, gawo lake lisamadalire kuti bwana wadzuka bwanji tsiku limenelo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mabonanza a kumudzi kuno. Wofuna uphungu amabwera ndi envulopu, aipereka kwa kaputeni anthu akuwomba m'manja, pofika madzulo timu yagawikana. Wina akuti tigule jezi ndi mipira, wina akuti tigawane pompano, wa pa benchi akufunsa ngati naye alandira zofanana ndi amene wagoletsa. Anyamata okulira limodzi amasiya kulankhulana chifukwa cha envulopu imodzi.

Ngati muli ndi timu, khalani pansi mpikisano usanayambe. Lembani m'kope kuti pa mphotho iliyonse osewera atenga gawo lakuti, mphunzitsi lakuti, lotsala lilowa m'thumba la timu. Aliyense asayine, ngakhale wa pa benchi yemwe, ndipo kopelo asunge munthu wina osati msungichuma.