Diso la bambo lisadikire Lolemba

Achemwali, mwalemba kuti bambo anu, amene ali ndi matenda a shuga, atha masabata awiri mutu ukuwawawa mbali imodzi, mphuno ili yotsekeka, ndipo kuyambira dzulo diso lakumanzere likuona mwachimbuuzi. Mukufunsa ngati mungawagulire mankhwala odontheza m'maso. Chonde ayi. Pitani nawo kuchipatala lero lomwe.

Mwina vuto silili m'diso mwenimwenimo. Kuseri kwa mphuno, m'mafupa a mutu, muli timphako todutsa mpweya. Kakuya kwambiri, kamene madokotala amati sphenoid, kanayandikana ndi mtsempha wonyamula zomwe diso laona kupita nazo ku ubongo, ndipo chowalekanitsa ndi kafupa kopyapyala ngati pepala. Chuku, chonga chija chimamera pa mkute wokhalitsa, chikamera m'menemo chimafinya mtsemphawo kapena kutseka njira ya magazi oudyetsa. Mtsempha umenewu ukafa suphukanso.

Chikundidetsa nkhawa ine ndi shugayo. Tonsefe timapuma fumbi la chuku tsiku ndi tsiku, thupi n'kumathana nalo. Koma shuga akakwera kwambiri, kapena chitetezo chikatsika, kaya ndi HIV kaya ndi kumwa mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone nthawi yaitali, chuku cha mtundu wa Mucor kapena Aspergillus chimalowerera m'minofu mpaka m'fupa. Cha Mucor chimathamanga, masiku owerengeka chafika kudiso. Ku India mu 2021, nthawi ya Covid, anthu oposa 40,000 anadwala matendawa, ambiri anali a shuga, ndipo ena anachotsedwa diso kuti moyo upulumuke.

Sindikuti bambo ali ndi zimenezi basi, mpofunika awayeze. Koma ayang'aneni bwino. Chikope chagwa kapena chatupa? Akuona zinthu ziwiriziwiri? Tsaya lachita dzanzi? Muli nkhanambo yakuda m'mphuno kapena kumwamba m'kamwa? Chimodzi mwa izi chikhalepo, musadikire kuche.

Mukafika musangoti diso likuvuta. Yambani ndi za shuga, za mphuno ndi za mutu, kenako pemphani kuti awaone a dokotala a mphuno, makutu ndi kukhosi, monga alipo ku Queens ndi ku Kamuzu Central. Pamafunika CT scan (kujambula m'kati mwa mutu ndi makina) ndi kutapa kanyama ka m'mphuno kukayeza. Chikapezeka chuku cholowerera chija, amapereka amphotericin B ya m'dripi, n'kupala minofu yowola podzera m'mphuno, kwinaku akutsitsa shuga. Amoxicillin ndi fluconazole za kufamase sizichipha, musataye nazo nthawi.

Tengani buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Tidziwitseni mukafika.